Kutsata mapazi a Beatrix Potter: masiku asanu ndi limodzi a mvula, bowa ndi nkhosa

TSIKU LOYAMBA: London

Akulu anga amene ndabwera kudzawachezera kuno ali pa ntchito sabata yonse, ndipo sukulu ndi zotsekera, ndiye andipatsa mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri kuti ndiyende naye. Kunena zoona ndi iyeyo amene akundiyendetsa ine. Sitima za pansi pa nthaka amangolowa ndi kutuluka, ine ndili kukamwa yasa pa mapu.

Ulendowu ndinaulakalaka kalekale. Ndine mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo timabuku ta Beatrix Potter ndakhala ndikuwerengera ana mpaka tina tinathothoka zikuto. Ndinkafuna ndikaone ndi maso angawa kumene kunachokera kalulu wa jekete ya buluu uja, Peter Rabbit. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tayambira ku Bolton Gardens, m'dera la Kensington, kumene anabadwira pa 28 Julayi 1866. Nyumbayo kulibenso. Inaphwasuka ndi bomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pano pali sukulu ya pulayimale, chatsala ndi kachikwangwani pakhoma basi. Mwini wakeyo sakanalira nazo, chifukwa atakula ananena yekha kuti nyumbayi sanaikondepo. Komabe anakhalamo zaka 47.

Kwawo kunali kwa mwanaalirenji. Chuma chinachokera ku mafakitale a nsalu za thonje a agogo ake kumpoto kwa England. Bambo ake, a Rupert Potter, anaphunzira za malamulo koma nthawi yawo yambiri inkathera pa kamera. Beatrix sanapondeko kusukulu. Aphunzitsi ankamupeza m'chipinda cham'mwamba, ndipo anzake osewera nawo anali mlongo wake wamng'ono Bertram ndi tinyama timene awiriwa ankalowetsa m'nyumba: akalulu, mbewa, abuluzi, achule, mileme, ngakhale njoka. Kanyama kakafa sankangokataya ayi. Ankakawiritsa mpaka mnofu utayoyoka, n'kutola mafupa, kuwayala bwinobwino, kuwajambula limodzilimodzi. Nditamufotokozera mnzanga wa paulendoyu anakwinya nkhope, amvekere, "Amayi aang'ono, ameneyotu anali mfiti." Ndinaseka mpaka odutsa kutembenuka.

Tayenda wapansi mpaka ku Natural History Museum, nyumba yoonetsera zachilengedwe, kumene ankakonda kukajambula tizilombo, kenako tawoloka msewu kulowa mu Victoria and Albert Museum, yosungira zaluso zakale. Muno ndi mmene anadzatengera zovala zopetedwa za m'zaka za m'ma 1700 pokonza The Tailor of Gloucester, kabuku ka mu 1903 kamene iye ankakakonda kuposa tonse. Nkhaniyo anachita kumva kufupi ndi Gloucester komweko. Telala wina anasiya chovala cha meya atangochidula, pobwera Lolemba n'kupeza chosokasoka, kutangotsala bowo limodzi la batani ndi kapepala konena kuti ulusi watha. Anasokawo anali anyamata ake a ntchito. Beatrix anawasandutsa mbewa, koma chovalacho sanachipeke. Anapita kukakhala pansi, n'kuyang'ana ulusi uliwonse mmene unayendera.

Ndagula kope ndi mapensulo awiri. Ndikufuna ndiyeseko nanenso.

TSIKU LACHIWIRI: m'sitima, kupita kumpoto

Kuchoka pa Euston kufika ku Oxenholme ndi maola pafupifupi atatu, pamenepo n'kusintha kukwera kasitima kokathera ku Windermere. Njira yonse tawerenga The Tale of Peter Rabbit kawiri, kachiwiriko mwanayu ndi amene amawerengera ine n'kumandikonza katchulidwe.

Kabukuka kanayamba ngati kalata. Mphunzitsi womaliza wa Beatrix, Annie, anakwatiwa n'kukhala mayi Moore, ndipo mwana wawo woyamba Noel, wa zaka zisanu, ankadwaladwala. Pa 4 Seputembala 1893, ali pa tchuthi ku Dunkeld ku Scotland, Beatrix anamulembera kalata n'kumuuza poyera kuti akusowa chomulembera, ndiye amusimbira za tiakalulu tinayi. M'mbali mwa mawuwo anajambula ndi inki. Kalulu wake analipo weniweni, dzina lake Peter Piper, wogula m'sitolo ku London.

Ine chimandisangalatsa ndi ichi. Kalulu wathu wa m'nthano ndi tambwali, amapusitsa njovu ndi fisi n'kutuluka osapsa ndi ubweya womwe. Peter si wochenjera. Ndi mwana wosamva basi. Amuuza kuti m'dimba la McGregor asakapondemo chifukwa bambo ake anathera momwemo, anaphikidwa ndi mkazi wa mwini dimba. Iye ulendo wa komweko. Adya masamba mpaka mimba kupota, amuthamangitsa, ataya nsapato ndi jekete, akabisala m'kheni yothirira mbewu muli madzi, ayetsemula, aululika. Pofika kunyumba ali wefuwefu, make amugoneka ndi tiyi wa mankhwala, alongo ake akudya buledi, mkaka ndi zipatso. Palibe pamene wolembayo akukweza chala kuti inu ana muzimvera. Ndipo sanawabisire ana kuti kalulu ndi ndiwo. Makolo ena amadumpha mzere wa bambo ophikidwawo, koma ana a m'kalasi mwanga ndi pamene amatchera khutu kwambiri.

Patapita zaka, anabwereka kalata ija kwa Noel n'kuikonza kukhala buku. Osindikiza angapo anamukana. Sanagwe mphwayi, anatulutsa ndalama zake n'kusindikiza yekha makope 250 mu Disembala 1901, zithunzi zake zopanda mitundu, ndipo atatha anawonjezera ena 200. M'nyengo yomweyi kampani ya Frederick Warne inamulandira, koma inati zithunzi zonse zikhale za mitundu. Linatuluka mu Okutobala 1902, makope 8,000 poyamba, ndipo chaka chisanathe anali atafika 28,000. Pa zinthu ziwiri anaumirira: bukulo likhale laling'ono loti likwane m'manja mwa mwana, ndiponso lotsika mtengo, sheleni imodzi.

Anali ndi mutu wa malonda mayi ameneyu. Mu 1903 anasoka yekha chidole cha Peter n'kukachilembetsa ku ofesi ya boma kuti wina asamubere nzeru. Kumene anapunthwa ndi ku America, kumene osindikiza ake sanalembetse umwini wa bukulo, anthu n'kumangolisindikiza mmene afunira, iye osaonapo kanthu.

Tafika mvula ikuwaza. Windermere ndiyo nyanja yaikulu kuposa zonse mu England, kutalika kwake makilomita pafupifupi 18, koma tsidya lake ukutha kuwerenga mitengo. Ndangomwetulira, sindinanene kanthu.

TSIKU LACHITATU: Wray ndi Ambleside

M'mawa takwera boti kuchokera ku Waterhead kupita ku Wray Castle. Kuiona uli patali ungati ndi linga la mafumu akale, chikhalirecho inamangidwa cha m'ma 1840 ndi dokotala wopuma pa ntchito wa ku Liverpool. Banja la a Potter linachita lendi nyumba yonseyi m'chilimwe cha 1882, Beatrix ali ndi zaka 16. Aka kanali koyamba kukhala m'dera la nyanja ndi mapirili. Kuno anadziwana ndi mbusa wa tchalitchi cha Wray, Hardwicke Rawnsley, amene mu 1895 anakhala mmodzi mwa atatu oyambitsa National Trust, bungwe losunga malo ndi nyumba zakale. Abusawa ndi omwenso pambuyo pake anayesa kusandutsa nkhani ya Peter kukhala ndakatulo pofuna kukopa osindikiza. Mwamwayi osindikizawo anasankha mawu a mwini wake.

Masana tinali ku Armitt, kanyumba kosungira zakale ku Ambleside, ndipo kuno ndi kumene ndaima nthawi yaitali. Asanatchuke ndi akalulu, Beatrix anathera zaka zambiri pa bowa. Anasiyira malo ano zojambula mazana angapo za penti wa madzi. Ukasendeza maso pafupi, ukuona timizere ta kunsi kwa chipewa cha bowa, kena kothyoka, kadothi kotsalira patsinde, pamene nkhono inadyapo. Amene anamuthandiza kudziwa mitundu ya bowa anali Charles McIntosh, woyenda ndi makalata kufupi ndi Dunkeld, munthu wamanyazi amene ankamutumizira bowa m'mapaketi mpaka ku London.

Anafika pomameretsa timbewu ta bowa tosaoneka ndi maso, akuyang'anira pa maikulosikopu, n'kulemba zimene anapeza. Pepala lakelo linaperekedwa ku Linnean Society, bungwe la akatswiri a zomera ndi nyama, pa 1 Epulo 1897, koma iye kunalibe, poti akazi sankaloledwa pa misonkhano yawo. Anakalipereka ndi George Massee wa ku munda wofufuzira zomera wa Kew. Ena akamasimba amakokomeza ngati anatulukira chinthu chachikulu n'kumulanda. Ine ndikuona kuti tisawonjezere mchere: pepalalo analibweza yekha poona kuti likufunika ntchito ina, ndipo sanabwererenso. Koma kuti anamupeputsa chifukwa chokhala mkazi, bungwelo linavomera lokha n'kupepesa mu 1997, patatha zaka 100. Mu 1967 katswiri wina wa bowa anagwiritsa ntchito zojambula zakezi m'buku lophunzitsira, umboni woti zinali zolondola.

Nthawi yonseyi ankalemba za tsiku ndi tsiku m'zilembo zachinsinsi zimene anapeka yekha. Atamwalira anthu analephera kuziwerenga mpaka 1958, pamene Leslie Linder anaona pa tsamba lina nambala XVI ndi chaka cha 1793. Anakumbukira mfumu Louis XVI ya ku France imene inadulidwa mutu chaka chimenecho, n'kugwira liwu limodzi, mfundo yonse n'kumasuka.

Madzulo tapeza bowa pa chipika chowola m'mbali mwa njira. Ndakhala chonjuta mphindi makumi awiri ndi kope langa. Chatulukapo ndi ambulera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine maondo anayamba kudandaula maso asanayambe n'komwe kuona.

TSIKU LACHINAYI: Hill Top

Tawoloka nyanja pa pantoni yoyenda ndi zingwe kuchokera ku Bowness, mphindi khumi zokha. Pafupi ndi pokwerera pali kamtunda kotchedwa Cockshott Point. Mu 1927 anthu ankafuna kumangapo nyumba, Beatrix anajambula zithunzi 50 za Peter n'kuzigulitsa kwa omukonda a ku America kuti ndalamazo zithandize kugula malowo. Mpaka lero ndi udzu ndi mitengo, ana akuthamangapo.

Kuchoka tsidya linalo ndi chitunda cha makilomita atatu kufika ku Near Sawrey, mudzi umene muli famu yake ya Hill Top. Mnzangayu wandifunsa kasanu ngati tafika.

Nkhani ya famuyi ndi yomvetsa chisoni. Ku kampani ya Warne, amene ankayang'anira mabuku ake anali Norman, wotsiriza mwa ana aamuna a pabanjapo. Makalata a ntchito aja anasanduka ena. Mu Julayi 1905 Norman anamufunsira, iye atatsala masiku ochepa kukwanitsa zaka 39, n'kulola. Makolo ake anakana kwamtuwagalu, ati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wa malonda, ngati kuti chuma chawocho sichinachokere ku nsalu. Anagwirizana kuti chibwenzicho chikhale chachinsinsi. Patangotha mwezi, pa 25 Ogasiti, Norman anamwalira ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 37, Beatrix ali ku Wales ndi makolo ake. Chakudza sichiimba ng'oma. Mphete yake anaivala moyo wake wonse.

Chaka chomwecho anatenga ndalama za mabuku ndi zina zimene anamusiyira azakhali ake, n'kugula Hill Top, famu ya maekala 34. Sanasamukiremo, poti mwana wamkazi wosakwatiwa ankayenera kusamala makolo ku London. Ankangozemba masiku ochepa n'kubwerera. Banja la a Cannon limene analipeza likulima analisiya kuti lipitirize, analimangira mbali yakeyake.

Amalowetsa anthu ochepaochepa, aliyense pa nthawi yolembedwa pa tikiti yake. Pamzere tinali ndi alendo ambiri ochokera ku Japan. M'kati ndi mwa mdima, denga lotsika, pansi miyala. Analamula m'wilo yake kuti nyumbayi isiyidwe mmene anaisiyira, ndipo inatsegulidwa kwa anthu mu 1946. Masewera a muno ndi otenga kabuku n'kumayerekeza tsamba ndi chimene chili patsogolo pako. Mwanayu ndiye anagwira ntchitoyi. Pa masitepe anakuwa, "Amayi aang'ono, wotchi ija iyi!" Zoonadi, wotchi yaitali yoimirira pokhotera masitepe, pomwe mayi mphaka anaima akufunafuna mwana wake m'nkhani ya makoswe a Samuel Whiskers. Kabati ya mbale ndi yomweyo imene khoswe wamkazi anadutsa akuthawa ndi mtanda wa ufa. Makoswewo anali enieni, anamusautsa atangogula nyumbayi, ndiye m'malo mongotukwana anawalemba m'buku mu 1908.

Kumwamba kuli kanyumba ka zidole, m'kati mwake muli tizakudya topanga, kanyama ka nkhumba konyezimira pa kambale. Anamutumizira ndi Norman kuti atengerepo pojambula nkhani ya mbewa ziwiri zopulupudza ya mu 1904, zimene zinakwiya poona kuti nyamayo sidyeka. Pamenepa ndinakhala chete pang'ono. Mwana anali atathamangira kale chipinda china.

Panja napo chimodzimodzi. Kanjira ka m'maluwa ndi ka m'nkhani ya kamphaka Tom Kitten. Geti la chitsulo ndi pamene bakha Jemima ankabisa mazira ake. Bakhayo analipodi, wosadziwa kufungatira, moti mayi Cannon ankamulanda mazira n'kupatsa nkhuku. Galu Kep amene anamupulumutsa kwa nkhandwe anali galu wa Beatrix. Malo omwera a Tower Bank Arms, oyandikana ndi famuyi, ali m'bukumo mmene alili leromu.

Ndinkaganiza kuti luso la wojambulira ana lili pa kupeka. Lero ndaona kuti mayiyu anapeka zochepa kwambiri. Anaveka bakha chipewa ndi shawelo, koma kunsi kwa shaweloyo ndi bakha ndithu, mayendedwe ake, khosi lake, kupusa kwake. Mafupa owiritsa aja sanapite pachabe.

TSIKU LACHISANU: Keswick

Mvula ikakuona litsiro sikata. Takwera basi ya 555 kudzera ku Grasmere, mawindo ali mbuu, osaona phiri ndi limodzi lomwe. Kumtunda kwa chigwa cha Borrowdale, kummwera kwa Keswick, kuli Seathwaite, mudzi umene umalandira mvula yoposa mamilimita 3,000 pa chaka, ndipo lero ndakhulupirira.

Tazungulira nyanja ya Derwentwater pa boti. Banja la a Potter linkachita lendi nyumba za Lingholm ndi Fawe Park m'mbali mwa nyanjayi. Chilumba cha St Herbert, chimene chinaoneka ngati chithunzithunzi m'nkhungu, ndicho chilumba cha kadzidzi m'nkhani ya gologolo Nutkin, amene anaputa mkuluyo ndi ndagi zake mpaka kutsala ndi kachidutswa ka mchira. Kuseri kwa phiri la Catbells kuli chigwa cha Newlands, kwawo kwa Mrs Tiggy-Winkle, kanungu wochapa zovala wa m'kabuku kake kena. Kumeneko sitinafikeko. Ambulera yanga inatembenuka ndi mphepo, nsapato zili thapsa, kope langa lanyowa m'mphepete. Agologolo ofiira akadalipo m'nkhalango zino ngakhale otuwa ochokera ku America anawapitikitsa m'madera ambiri a England, koma lero nawonso anali ndi nzeru zokhala m'nyumba.

TSIKU LACHISANU NDI CHIMODZI: Hawkshead ndi Tarn Hows

Kwacha bwino. Ku Hawkshead taima kutsogolo kwa kanyumba koyera kamene kanali ofesi ya loya William Heelis. Ndi iyeyu amene ankathandiza Beatrix pogula minda, kuyambira ndi Castle Farm mu 1909. Makolo anakananso, koma ulendo uno sanawamvere. Anakwatirana pa 15 Okutobala 1913, mkwatibwi ali ndi zaka 47, n'kukakhala ku Castle Cottage, moyang'anana ndi Hill Top.

Kuyambira apa ndiyenera kuwatchula mmene ankafunira eni ake: mayi Heelis. Mabuku anayamba kuchepa. Maso anali atatopa ndi tizithunzi ting'onoting'ono, ndiponso mtima wawo unali utapita ku nkhosa. Timabuku tawo todziwika tilipo 23, ndipo tambiri tinatuluka ukwati usanachitike. Kampani ya Warne itatsala pang'ono kugwa mu 1917, mchimwene wake wa Norman atamangidwa pa mlandu wa chinyengo cha ndalama, mayiwa anatolera zojambula zakale n'kutulutsa kabuku ka nyimbo za ana kuti aipulumutse. Kupatula apo, olemba nkhani ndi alendo ongofuna kudzawaona sankawafuna. Ankayenda ndi nsapato za matabwa, mvula ikagwa chiguduli pamapewa. Mu 1919 anathandiza kuti derali likhale ndi namwino woyendera midzi.

Mu 1923 anagula famu yaikulu ya Troutbeck Park, nkhosa zake zili zodwaladwala, n'kuidzutsa pamodzi ndi abusa a nkhosa odziwa ntchito, mmodzi mwa iwo Tom Storey. Mu 1930 anagula malo a Monk Coniston, theka n'kugulitsa ku National Trust, theka linalo n'kulonjeza kudzasiyira bungwe lomwelo. M'malo amenewa ndi mmene muli Tarn Hows, kanyanja kozunguliridwa ndi mitengo kamene takwera kukaona masana ano.

Nkhosa zake ndi za mtundu wa Herdwick. Zimabadwa zakuda, zikamakula thupi limatuwa, nkhope n'kuyera. Ubweya wake ndi wokhakhala, wosagulika bwino, koma zimapirira chisanu cha pamwamba pa phiri. Chodabwitsa n'choti kumapiriko kulibe mpanda, koma nkhosa iliyonse imadziwa chigawo chake, mwana amaphunzira kwa make. N'chifukwa chake famu ikasintha mlimi, gulu la nkhosa limatsala pomwepo. Ukazibalalitsa, nzeru ya mibadwomibadwo ija yatha. Mayi Heelis ankazidziwa zimenezi. Nkhosa zawo zinkapambana pa zionetsero, ndipo alimi a Herdwick anawasankha kuti akhale pulezidenti wa bungwe lawo, mkazi woyamba, koma anamwalira asanakhale pampando, pa 22 Disembala 1943, ali ndi zaka 77. Anasiyira National Trust maekala oposa 4,000 ndi mafamu oposa khumi, n'kulamula kuti nkhosa za Herdwick zisachoke.

Mwanayu anafunsa kuti manda awo ali kuti, tikaikepo maluwa amene anathyola m'njira. Ndamuuza kuti kulibe. Thupi linatenthedwa, phulusa anapatsa Tom Storey kuti akamwaze pamtunda wina kufupi ndi Near Sawrey, ndipo anamupempha kuti asaulule malowo. Anaganiza pang'ono, kenako maluwawo anawaika pamwamba pa mpanda wa miyala.

Kuseri kwa mpandawo kunali nkhosa imodzi ikubzikula, chizindikiro chofiira cha mwini wake paphewa. Ndinatulutsa kope lonyowa lija, masamba ake atapindikapindika, n'kuyamba. Ulendo uno ndinadekha ndithu. Ndinaona kuti makutu ake ndi aafupi, miyendo yonenepa yaubweya, mboni ya diso yopingasa. Nditamaliza ndinamuonetsa bwana wanga wamng'onoyu.

Anayang'ana chojambulacho, anayang'ana nkhosa. "Nkhope mwakhoza, amayi aang'ono. Koma miyendo yakumbuyoyi mwaipinda ngati ya munthu."

Ndinadzutsa mutu kuti ndionenso bwino. Nkhosa inali itanyamuka, ikukwera chitunda osacheuka. Basi yomaliza yobwerera ku Ambleside inali itatsala ndi ola limodzi, ife tikadali pamwamba.